Chigalimoto chili kuseri kwa nyumba ya amayi chija si sikirapu

Atsikana anzathu, lero tiyeni tikambe za magalimoto. Inde, mwawerenga bwino, magalimoto. Koma osati ma Vitz ndi ma Sienta ongotsika kumene kuchokera ku Japan ayi. Tikunena zigalimoto zakale zija timazidutsa tsiku lililonse osazicheukira n'komwe. Tayendani wapansi kuchoka pa Chinseu kulowera kumsika wa Ndirande, kapena mulowe m'tinjira ta ku Chilomoni, Zingwangwa, Bangwe ndi Machinjiri, muziona. Peugeot yokhazikidwa pa njerwa. Datsun yomwe nkhuku zinaisandutsa poikira mazira. Land Rover yomwe ana amabisalamo akamasewera. Lole ya Bedford yomwe udzu unamera mpaka pachiwongolero.

Chatipangitsa kulemba ndi ichi. Miyezi ingapo yapitayo tinali ndi mkumano wa banki mkhonde ku Chilomoni, kunyumba kwa mayi ena amasiye, mayi ake a mnzathu wa m'gulu. Kuseri kwa nyumba kunali Peugeot 404 ya pikiapu, yotuwa ndi fumbi, matayala onse ataphwa. Mnzathuyo anatiuza kuti bambo ake ankanyamulira matumba a chimanga, ndipo fizi yake yonse ya kusekondale inachokera m'galimoto imeneyo. Titabwererako patatha milungu itatu, tinangopeza njerwa zinayi ndi dothi lakuda ndi oyilo. Achimwene a malemu anabwera ndi anyamata ogula zitsulo, n'kunena kuti, “Alamu, chitsulo ichi chikungodzaza malo, chikuswetsa njoka.” Anaiduladula pomwepo, n'kuiyeza pasikelo ngati nandolo. Mayiwo anapatsidwa kandalama kongokwanira ndiwo za masiku owerengeka, ndipo anathokoza. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula boneti kuti aone ngati injini inali yamoyo.

Chimene chinatiwawa kwambiri si dyera la alamu aja ayi. N'choti ifenso, ndi madigiri athuwa, tinakhala pakhonde lomwelo maulendo angapo, galimotoyo tikuiona, koma m'mitima mwathu tinali titagamula kale kuti ndi sikirapu. Sitinkadziwa chomwe tikuyang'ana. Ndiye mfundo yathu lero ndi imodzi basi: galimoto yakale ndi chuma mpaka munthu wodziwa ataipima n'kunena kuti yafadi, ndipo munthu wodziwayo atha kukhala inu kapena ife.

Tiyambe ndi kuzidziwa. Peugeot 404 inatuluka ku France mu 1960, koma kwawo kwenikweni kunakhala kuno ku Africa. Inapambana kanayi mpikisano wa East African Safari Rally, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'matope ndi m'fumbi lofanana ndi lathuli, ndipo ku Kenya anapitiriza kuipanga mpaka 1991. Kapikiapu kaja ambiri amangoti ka Datsun kanayamba kupangidwa ku South Africa mu 1971, kenako kanadzatchedwa Nissan 1400, ndipo anasiya kukapanga mu 2008. Tanthauzo lake n'loti masipeya ake sanasowe, ndipo ndi angati mwa ife amene tilibe m'bale ku Joni? Land Rover inayamba mu 1948, ndipo bodi ya zakalezo ndi ya aluminiyamu, chitsulo chosachita dzimbiri. Land Cruiser yaing'ono yamakona ija, ya mtundu wa 40, Toyota inaipanga kuyambira 1960 mpaka 1984. Magalimoto amenewa ndi omwe ananyamula fodya, odwala, akwati ndi maliro a dziko lino.

Kumaiko a anzathu kuli anthu omwe masewera awo a Loweruka ndi amenewa. Amasakasaka galimoto yakale, kuigula, kuimasula kachitsulo kalikonse, n'kuibwezera mmene inatulukira kufakitale. Ali ndi makalabu awo ndi ziwonetsero zawo, ndipo Land Cruiser ndi Land Rover zakale amazilimbirana. Wina anena kuti, “Aaa, zimenezo ndi za anthu okhuta, ife tikusowa ndi ya mabanzi yomwe.” Zoona, ndalama zathu ndi zawo n'zosiyana. Koma taonani bwino. Iwo amalipira ndalama zambiri kuti apeze munthu wodziwa kuwongola bodi ndi hamala, kuwotcherera, kuluka mawaya ndi kusoka mipando. Ife anthu amenewo tili nawo kuseri kwa msika wa Ndirande, amakhala pansi pa mtengo kudikira kasitomala. Luso lilipo. Magalimoto alipo. Chikusowa ndi maso oona kuti ziwirizi zitha kukumana.

N'chifukwa chiyani galimoto ya zaka 40 kapena 50 imatha kudzuka pomwe ina ya zaka 12 imangogona pagalaja? Yankho lili pansi pa boneti. Galimoto yakale ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire: mafuta osakanizika ndi mpweya, moto, ndi injini yotha kupanikiza bwino zosakanizazo. Mafuta ndi mpweya zimasakanizidwa mu kabuleta, kachipangizo koti mutha kukamasula patebulo la kunyumba, kukatsuka n'kukabwezeretsa. Moto umachoka ku batire, kudutsa pa koyilo ndi distributor, kukafika ku mapulagi. Zonsezi zimaoneka ndi maso, zimagwirika ndi manja. Magalimoto a masiku ano ndi abwino, amamwa mafuta pang'ono, koma ali ndi kompyuta ndi ma sensor. Kagetsi kakayaka pa dashboard, mpaka mupite kwa wa makina akaiunike, ndipo kachipangizo kakafa nthawi zambiri sikakonzedwa, kamangofuna katsopano kochokera kunja.

Ndiye kunja kumeneko kumafuna madola. Tonse tikukumbuka November 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya May 2022. Amene ankasunga ndalama kuti aitanitse galimoto kudzera ku Dar es Salaam anangodzuka m'mawa maloto atatalikira, osawerengera msonkho wa MRA. Dziko losowa madola silitaya chitsulo choti chitha kuyenda. Anzathu a ku Cuba anaphunzira zimenezi kalekale. Boma litasintha mu 1959, ndipo America itatseka malonda ndi dzikolo zaka zotsatira, magalimoto atsopano ndi masipeya a ku America zinasiya kubwera. Iwo sanaphwanye ma Chevrolet ndi ma Ford a m'ma 1950. Anawasunga ndi luso la manja, ena kuwaika ma injini a dizilo ochotsa m'magalimoto ena. Mpaka lero ku Havana magalimoto amenewo amanyamula anthu ngati mmene achitira maminibasi athu, ndipo alendo amalipira kuti akwere n'kujambulitsa. Ife zathu tikusula mbaula.

Koma tisakunamizeni, ma sisi, nkhaniyi ili ndi mbali yake yowawa. Si galimoto yakale iliyonse yomwe ingadzuke. Ina inafadi, ndipo kuigulitsa kwa a zitsulo n'kolondola, bola mutayamba mwachotsa zogulitsika pazokha monga injini, giyabokosi, difu, magalasi ndi nyali. Kukonza kumadya ndalama mwakachetechete, lero bawuti, mawa paipi, mkuja batire, ndipo ntchito yomwe mumati ya miyezi itatu imatha chaka. Magalimoto akale amamwa mafuta, ndipo mizere ya pa filling station tonse tikuidziwa. Chachikulu kwambiri ndi chitetezo: alibe ma airbag, mabuleki ake si a makono, ena alibe ndi malamba omwe. Galimoto yotere si yothamangitsa usiku pa msewu wa Zalewa mutadzaza ana kumbuyo. Ndi ya maulendo afupiafupi, kunyamula katundu wa bizinesi, kuchita hayala ya paukwati kapena ya oimba ofuna kujambula vidiyo, kapenanso kungosangalala nayo Lamlungu masana. Ndipo chonde, musatengere katapila nkhani imeneyi.

Tsono mukaipeza, kaya ndi ya kwanu kaya mukufuna kugula, mumayambira pati? Pa mapepala, osati pa injini. Funsani blue book. Onani dzina lomwe lalembedwapo. Kenako fufuzani nambala ya chassis ndi ya injini pagalimoto penipenipo, muzifananitse ndi zapapepala, chilembo ndi chilembo. Zikasiyana, kapena pakaoneka ngati panapalidwa, bwererani, ngakhale mtengo ukome bwanji. Wogulitsa akati mapepala anasowa koma musadandaule, dandaulani. Pitani naye limodzi ku Road Traffic mukamve zoyenera kuchita musanapereke ndi tambala yomwe. Mukagula, sinthani umwini nthawi yomweyo, ndipo dzina lolembedwa likhale la amene watulutsa ndalama. Tawaonapo anzathu akugula galimoto ndi thukuta lawo n'kulembetsa m'dzina la chibwenzi, eti chifukwa iye ndi amene amadziwa za magalimoto. Chibwenzi chikatha, galimoto imapita ndi blue book.

Ikakhala ya malemu, kumbukirani kuti galimoto ndi chuma cha masiye ngati nyumba kapena ndalama za kubanki, ngakhale ikhale pa njerwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Chomwe taona m'madera mwathu n'choti achibale akaopa kukhudza nyumba, amathamangira galimoto, chifukwa amadziwa kuti amayi ndi ana aakazi sailondera. Mawu oti sikirapu ndiwo kiyi wawo. Inu yankhani mwaulemu kuti, “Zikomo amalume, koma tiyambe taitana makaniko aione, ndipo tigwirizane tonse.” Ijambuleni zithunzi mbali zonse, ndipo blue book muisunge pamalo abwino.

Mapepala akakhala bwino, valani zoti zide, yalani katoni, mulowe pansi pake ndi tochi ya pafoni. Mdani wamkulu wa galimoto yakale si injini yakufa, ndi dzimbiri. Injini imakonzedwa kapena kusinthidwa, koma chassis ikadyeka ndiye kuti msana wathyoka. Gogodani ndi sipanala m'mbali mwa chassis, makamaka pomwe pamagwira masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimalira mogonthera n'kumayoyoka. Pa Land Rover samalani kwambiri, chifukwa bodi imaoneka bwino pomwe chassis ya pansi, yomwe ndi chitsulo wamba, yatha. Kwezani makapeti muone pansi popondapo. Ndipo musatengeke ndi kunyezimira kwa penti, paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Tengani kamaginito ka pa sipika yakufa muyendetse pa zitseko ndi m'mbali mwa matayala. Pomwe sikakugwira pa bodi ya chitsulo, pamenepo anamata filler wambiri kubisa bowo kapena ngozi.

Injini yomwe yakhala zaka osalira musathamangire kuiliza. Chotsani mapulagi, thirani tioyilo pang'ono m'mabowomo, dikirani masiku angapo, kenako yesani kuizungulitsa ndi sipanala kutsogolo kwake. Ikazungulira, pali chiyembekezo. Solani ndodo yoyezera oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa momwe sayenera. Petulo wakale m'thanki amauma n'kusanduka ngati phula, ndiye thanki ndi mapaipi zitsukidwe kaye. Ikadzalira, yang'anani utsi. Wa buluu ukutanthauza kuti ikuwotcha oyilo, kawirikawiri maring'i atha. Woyera wosaleka ngakhale injini itatentha ukuloza ku gasiketi ya pamwamba. Wakuda ndiye kuti mafuta akuchuluka kuposa mpweya, ndipo nthawi zambiri ndi nkhani ya kabuleta kapena sefa ya mpweya. Zimenezi zokha mukazidziwa, palibe makaniko angakuuzeni kuti injini yonse yatha pomwe vuto ndi laling'ono.

Ndondomeko ya ntchito nayo imapulumutsa ndalama ndi moyo. Yambani ndi zoimitsa, osati zoyendetsa: mabuleki, chiwongolero, matayala. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho akakhalitsa, timalabala ta m'kati timauma, ndipo tayala lokalamba limaphulika ngakhale mapondo ake akuoneka atsopano. M'mapiri a Zingwangwa ndi Bangwe, galimoto yolira bwino yopanda mabuleki ndi bokosi la maliro. Kenako injini ndi ladiyeta, kenako mawaya ndi nyali, kenako malamba a pamipando. Penti ndi yomaliza. Pali chinanso chakwathu kuno chomwe mavidiyo ambiri a pa YouTube sangakuuzeni. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo tinayamba mu 1982 ku Dwangwa, kenako kunadzabwera fakitale ina ku Chikwawa. Ethanol amadya mapaipi a labala akalekale ndiponso amakoka madzi galimoto ikangokhala. Choncho sinthani mapaipi onse a mafuta, chifukwa kudontha kwa petulo pa injini yotentha ndi moto. Zonse zikatha, COF ndi inshuwalansi musanaitulutse pamsewu.

Tikudziwa zomwe ena akuganiza pofika pano: zimenezi si zachimuna? Tabwererani kuubwana. Anyamata ankatola mawaya n'kupanga magalimoto, mpaka chiwongolero chokhota ndi matayala a zitsekerero. Ife ankatipatsa zitini za masanje, ndipo tikagwira waya ankati tichekeka m'manja. Kusiyana kunayambira pomwepo, osati m'magazi. Munthu amene amatha kukonza mashini osokera, kulumikiza waya wa hotplate, kapena kuluka tsitsi maola asanu osaphonya mzere, atha kumasula kabuleta. Ntchitoyi imafuna kudekha, kusamala ndi kukumbukira kuti ichi chinachoka pati. Zolemera zimanyamulidwa ndi jeke, ngakhale amunawo sanyamula injini pamutu.

Ndipo mbiri ili mbali yathu. Mu August 1888, ku Germany, Bertha Benz anatenga galimoto yomwe mwamuna wake Carl Benz anapanga, osamuuza, n'kukwera ndi ana ake awiri aamuna kuchoka ku Mannheim kupita ku Pforzheim, mtunda wopitirira makilomita 100. Unali ulendo woyamba wautali wa pagalimoto padziko lonse. Paipi ya mafuta itatseka panjira, anaitsegula ndi phini ya chipewa chake. Mafuta atatha, anakagula ku famase ya m'tauni ya Wiesloch. Mabuleki atayamba kutha, anapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Ndalama zake zomwe zinathandizanso kuimika bizinesi ya mwamuna wakeyo. Ndiye wina akadzakufunsani kuti mkazi akufuna chiyani pansi pa boneti, muuzeni kuti kukonza galimoto panjira anayamba ndi mayi.

Poyambira pake si patali. Ngati muli ndi galimoto kale, kaya ndi Vitz yomweyo, lekani kusiya makiyi pagalaja n'kuthamangira ku saluni. Khalani pomwepo, funsani kuti, “Achimwene, ichi ndi chiyani, chimagwira ntchito yanji?” Pemphani chipangizo chakale chomwe achotsa muchione. Ifenso tinalipirapo pagalaja ina sipeya yatsopano yomwe sinaikidwe n'komwe, chifukwa choti tinkachita manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula. Ngati mukufuna kuphunzira mozama, makoleji a ntchito zamanja amaphunzitsa umakaniko, ndipo TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, ndiyo imayang'anira maphunziro amenewa. Ngati nthawi ya sukulu palibe, pezani makaniko wachikulire wa mbiri yabwino m'dera lanu, wa m'badwo womwe unakulira pa Peugeot ndi Bedford, mugwirizane naye za Loweruka lililonse ndipo muzimulipira. Pitani awiriawiri kapena atatu, ndipo akwanu adziwe komwe muli. Madala amenewa akutha, ndipo akupita ndi nzeru zomwe sizinalembedwe paliponse.

Pa nkhani ya ndalama, mutu umodzi susenza denga. Timasonkherana za bridal shower, za zitenje za paukwati, za maulendo a ku Mangochi. Chingatilepheretse n'chiyani kusonkherana asanu kapena asanu ndi mmodzi, kugula ka Nissan 1400 kotopa, n'kukakonza pang'onopang'ono? Lembani mgwirizano: wapereka zingati ndani, blue book ikhala m'dzina la yani, kazisungidwa kuti, ndipo wina akafuna kutuluka zikhala bwanji. Yambani ndi galimoto yomwe masipeya ake amapezeka, osati yachilendo yomwe ilipo imodzi dziko lonse. Ngakhale ntchitoyo italephereka, mudzatuluka mukudziwa galimoto kuposa madalaivala ambiri a mu Blantyre muno, ndipo nzeru imeneyo palibe angakulandeni.

Pabwalo la museum ya ku Chichiri pali sitima yakale yomwe ana asukulu amapita kukaona. N'zabwino, koma ija siyendanso. Zomwe zili kuseri kwa nyumba zathu zina zitha kuyendabe. Mnzathu wa ku Chilomoni uja anangotsala ndi kachizindikiro ka mkango ka Peugeot, komwe anakatola pafumbi anyamata aja atapita. Amakasunga m'kachikwama ka zodzoladzola. Anatiuza kuti chimamuwawa si ndalama, koma kuti sadzadziwa ngati ikanalira.

Ndiye sabata ino, mukapita kwa amayi, kwa agogo kapena kwa azakhali, zungulirani kuseri. Mukapeza chigalimoto chogona, pukutani fumbi muwerenge dzina lake. Funsani kuti blue book ili kuti. Tsegulani boneti, ngakhale simukudziwa chomwe mukuona, mujambule. Wina akabwera ndi sikelo, muuzeni adikire kaye. Tiuzeni kuti kwanuko kwagona galimoto yanji, ndipo inali ya ndani.